Nkhuni zikapsa, kulemera kwake kumapita kuti?

Mtolo wa nkhuni ukapsa pamatsala phulusa lochepa, moti n'kosavuta kuganiza kuti moto wadya zinazo n'kuzithetseratu. Sizili choncho. Zambiri zakwera m'mwamba ngati mpweya wa kaboni dayokisaidi ndi nthunzi yamadzi. Mutati musonkhanitse phulusa, utsi ndi mpweya wonsewo n'kuika pa sikelo, zingalemere kuposa nkhunizo, chifukwa poyaka zinatenga okosijeni wa mumpweya. Magalamu 12 a kaboni amaphatikizana ndi magalamu 32 a okosijeni n'kutulutsa magalamu 44 a kaboni dayokisaidi. Maatomu ndi omwe aja, angosintha anzawo ogwirana nawo.

Limeneli ndi lamulo loti zinthu zikasintha kulemera kwake konse sikuchepa kapena kuwonjezeka, limene Antoine Lavoisier wa ku France analilemba momveka mu 1789, ngakhale Mikhail Lomonosov wa ku Russia anali atayesa kale zofanana nazo mu 1756. Onse awiri ankatenthetsa zitsulo m'mabotolo otsekedwa kotheratu, ndipo sikelo sinkasuntha. Chinsinsi chagona pa kutsekako. Pamtetete mpweya umalowa ndi kutuluka osaoneka, n'chifukwa chake magalamu 24 a chitsulo cha maginiziyamu akapsa amasiya ufa woyera wolemera magalamu 40.

Mutha kuyesa nokha. Pafunika sikelo yowerenga mpaka galamu 0.1, botolo lapulasitiki la malita 2 la zakumwa zamagasi, magalamu 2 a soda wophikira ndi mamililita 50 a viniga. Thirani viniga m'botolo. Kulungani soda m'kapepala kofewa n'kukapanikiza pakhosi pa botolo kuti asagwe msanga, mutseke chivindikiro mwamphamvu, kenako muyeze. Gwedezani kuti soda agwere mu viniga. Thovu likatha yezaninso, ndipo nambala ikhala yomweyo. Tsopano tsegulani pang'onopang'ono, mudikire kamphindi, muyeze pamodzi ndi chivindikiro chomwe. Kulemera kutsika, koma sikufika galamu yathunthu ya kaboni dayokisaidi imene sodayo watulutsa, popeza mpweya wina umasungunuka m'madzi, wina umakhalira m'botolo poti ndi wolemera kuposa mpweya wamba. Musawonjezere soda, ndipo musagwiritse ntchito botolo lagalasi, lingaphulike.

Aphunzitsi ambiri amakonda kuveka baluni pakamwa pa botolo m'malo mwa chivindikiro. Ndi njira yokongola kuonera koma yosocheretsa ophunzira. Baluni ikafufuma imakankha mpweya woizungulira, ndipo mpweyawo umainyamula pang'ono monga momwe madzi amanyamulira bwato. Lita imodzi ya mpweya imalemera pafupifupi magalamu 1.2, choncho baluni yofufuma theka la lita imachotsa galamu 0.6 pa nambala ya sikelo, chonsecho palibe chimene chathawa. Enanso amasokonezeka ndi madontho a viniga otsalira kunja kwa botolo amene amauma pakati pa miyeso iwiriyo, kapena mphepo yowomba sikelo.

Akatswiri a fizikisi amawonjezera mawu amodzi. Mu 1905 Albert Einstein anasonyeza kuti mphamvu nayonso ili ndi kulemera kwake, E = mc², kotero chinthu chikataya kutentha chimapepuka. Pa moto wamba kusiyanaku n'kochepetsetsa: magalamu 12 a kaboni aja akapsa amatulutsa mphamvu yokwana makilojulu pafupifupi 394, ndipo kulemera kotayika ndi magawo 4 okha mwa magawo 1 biliyoni a galamu, komwe sikelo ya mu labotale singakuone. Nkhani imasintha tikalowa mkati mwenimweni mwa maatomu. Mkati mwa dzuwa, haidrojeni akamasanduka hiliyamu, pafupifupi 0.7 peresenti ya kulemera kwake imasanduka mphamvu, moti dzuwa limapepuka ndi matani oposa 4 miliyoni pa sekondi iliyonse.