Magetsi otumizidwa modukizadukiza: phindu lake lili pati?

Magetsi a ESCOM amene amafika m'nyumba zathu ndi a 230 volts, ndipo waya wake umakhala wamoyo nthawi zonse. Sudziwa ngati waugwira ndi mwana kapena walumikizidwa ku ayironi, umangopereka mphamvu basi. Apa ndi pamene pagona nkhani ya njira ina imene amisirife tikutsutsana, yotumiza magetsi m'timagawo ting'onoting'ono, mazanamazana pa sekondi imodzi.

Kampani ya ku America ya VoltServer imachita izi ndi magetsi a DC (amtundu wa a m'batire) a 336 volts. Pakati pa kagawo kamodzi ndi kanzake pamakhala kampata, ndipo m'kampatamo makina otumiza amaunika waya. Akaona kuti magetsi akuthawira kwina, kaya khoswe watafuna waya, kaya madzi alowa m'cholumikizira, kaya munthu wagwira, kagawo kotsatira sikatumizidwanso. Munthu amatha kumva kulasa pang'ono, koma magetsiwo amaduka asanafike povulaza mtima. Malamulo a zamagetsi a ku America a 2023 anaivomereza njirayi pansi pa dzina loti Class 4, ndipo malire ake ndi 450 volts.

Kwa ife a ku Kasungu kudukiza magetsi si kwachilendo. Mpanda wa magetsi wotchinga njovu m'malire a nkhalango ya Kasungu umamenya kamodzi pa sekondi kapena chapompo, ndipo mpata wa pakatipo ndi umene umalola nyama kudzichotsa yamoyo. Kontorola ya sola yolembedwa PWM nayonso imadzaza batire modukizadukiza. Chatsopano n'chakuti mpatawo tsopano ukugwira ntchito ya mlonda.

Anzanga ena amati njirayi imapulumutsa mayunitsi. Apa ndimakana. Kudukiza pakokha sikuwonjezera mphamvu ngakhale pang'ono, ndipotu makina otumiza ndi olandira amadyako gawo lawo. Chimene chimachepetsa kutayika kwa magetsi m'waya ndi kukwera kwa ma volts. Taganizani za munthu wa ku Santhe amene akukoka 120 watts kuchokera pa batire ya 12 volts kupita ku golosale yake patali ndi nyumba. Waya wake ukusenza 10 amps, ukufunda, babu kumapeto likuwala mofooka. Mphamvu yomweyo pa 336 volts sifika ndi theka la amp, choncho waya woonda ukwanira ndipo ufika patali. Kungoti ma volts okwera chonchi amapha, n'chifukwa chake ulonda wa m'kampata uja uli wofunika. Phindu lenileni ndi limenelo: ma volts ambiri pa waya woti munthu ataugwira apulumuke.

Zovuta zilipo, ndipo si zazing'ono. Makinawa ndi odula, amagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo kumapeto kwa waya pamafunika bokosi lolandira losandutsa timagawoto kukhala magetsi oti firiji kapena kompyuta igwiritse ntchito. Nthawi zambiri otumiza ndi olandira ayenera kukhala a kampani imodzi. Bokosi likapsa ndi mphezi mu Januwale, simukalipeza pa msika wa pa boma, ndipo mmisiri wa wailesi sangalitsegule n'kulikonza. Kuthimathima kwa magetsi nakonso sikungathe chifukwa cha njirayi, pakuti gwero lake ndi kuchepa kwa mphamvu yochokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira komanso kukalamba kwa mawaya.

Ine ndingaikonde pa chipatala kapena sukulu yogonera pomwepo, pamene sola imodzi ikudyetsa nyumba zotalikirana ndipo ana amasewera pafupi ndi mawaya. Koma pa nyumba ya banja, ndalamayo ipite kaye ku waya wa earth wokwiriridwa bwino ndi breaker ya earth leakage ya 30 mA, imene imadula magetsi akayamba kuthawira kwina. Pa breaker imeneyi pali kabatani kolembedwa T. Kadinikeni, magetsi azime nthawi yomweyo. Akapanda kuzima, itanani mmisiri wachiphaso tsiku lomwelo.