Mbale ya gogo wakuchipinda chomaliza

Ntchito yanga ndi yoona za kadyedwe, ndipo ndikalowa mnyumba yosamalirako okalamba sindiyambira ku kitchini ayi, ndimafuna ndione kaye munthu amene amalandira mbale pomaliza. Kawirikawiri amakhala gogo amene sangathe kugwira supuni okha, ndiye mbale yawo yangokhala pa tebulo kudikira wowadyetsa amene akadali ndi ena. Pofika nthawiyo msuzi wachita kale kakhungu pamwamba, mafuta a nyama aundana mmbali mwa mbale. Gogo alawa kawiri katatu nkutembenuza nkhope, basi mu buku alembamo kuti akana kudya. Zimenezi zimandipweteka mtima kwambiri.

Munthu akamakalamba mphuno ndi lilime sizigwiranso ntchito ngati kale, ndiye chakudya chikazizira fungo limathawa, chimangomveka zii mkamwa. Chakudya chopota cha anthu ovutika kumeza ndiye chimazizira msanga zedi chikayalidwa pa mbale yozizira. Masabata akamapita munthu uja akuonda, mabala sakupola, achibale nkumangoti ndi ukalamba.

Palinso nkhani ya majeremusi. A WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati chakudya chophika chizikhala chotentha kupitirira 60°C mpaka nthawi yogawa, cha mu filiji chizikhala pansi pa 5°C, ndipo chisakhale panja kupitirira maola 2. Pakati pa 5°C ndi 60°C mpamene majeremusi otchedwa Clostridium perfringens amaswana mu mapoto akuluakulu a nyama amene akuzizira pang'onopang'ono, komanso Bacillus cereus mu mpunga, ameneyu poizoni wake satha ngakhale mutenthetsenso. Kutsegula mmimba kumene mnyamata amachira mawa lake, gogo kumawathera madzi mthupi mpaka kukagonekedwa kuchipatala.

Maikulowevu nayo musaidalire kwambiri, imatentha mbali ina kwina kuli kozizira, ndipo munthu wa matenda oiwalaiwala sanganene kuti akupsa mkamwa. Takasani bwinobwino, muyeze musanawapatse.

Ine ndimauza ogwira ntchito kuti mbale azizitenthetsa kaye ndi kuvindikira, ndipo chakudya cha munthu wofunika kudyetsedwa chisachoke pamalo otentha mpaka womudyetsayo atakhala pampando. Inu achibale mukapita kukazonda pitani nthawi ya chakudya, mufunse ngati thermometer yoyezera kutentha kwa chakudya amailowetsa mu mphika mokha kapena amayezanso mbale yomaliza ija.