Mwezi woyenera kukaona malinga a Great Zimbabwe

Anthu ambiri a kuno ku Mzuzu ndi ku Mzimba amene amapita ku Joni pa basi amadutsa m'tauni ya Masvingo, osadziwa kuti makilomita pafupifupi 30 okha kuchoka pamenepo pali malinga a miyala a Great Zimbabwe, mzinda umene makolo a Ashona anayamba kumanga m'zaka za m'ma 1000 ndipo unali wamphamvu mpaka m'zaka za m'ma 1400. Bungwe la UNESCO linaika malowa m'kaundula wa malo ofunika kutetezedwa ndi dziko lonse m'chaka cha 1986. Pa ntchito yanga yokonza maulendo a mabanja ndi a masukulu, anthu amayamba kufunsa za mtengo wa basi ndi wa malo ogona, ndipo za mwezi wopita amazikumbukira tchuthi atapempha kale. Ine ndimati mwezi uzisankhidwa poyamba, ndipo amene wandifunsa ndimamuuza kuti anyamuke pakati pa mapeto a Meyi ndi mapeto a Julaye.

Chifukwa chake chili m'mene malowa anakhalira. Ku Great Zimbabwe zonse mumazionera pamtunda, mukuyenda pansi kwa maola atatu kapena anayi. M'chigwa muli mpanda waukulu wotchedwa Great Enclosure, umene khoma lake limazungulira mamita pafupifupi 250 ndipo malo ena limafika mamita 11 m'mwamba, miyala yake yongosanjikizidwa mwaluso popanda dothi lomatira. Mkati mwake muli nsanja yamiyala yosongoka kumutu, ndiponso kanjira kopapatiza kodutsa pakati pa makoma awiri, koti anthu amayendamo mondondozana. Mbali yakale koposa ili pamwamba pa phiri, ndipo njira yakale yokwerera kumeneko ndi ya masitepe amiyala opanikizika pakati pa matanthwe akuluakulu, moti pena munthu amachita kupendeka kuti adutse. Phiri limeneli ndilo limasankhira munthu nyengo, chifukwa amene wafika ku Great Zimbabwe koma osakwera, wasiya malo amene kunapezeka zambiri mwa mbalame zosemedwa pa mwala zija, zimene chithunzi chake chili pa mbendera ya dziko la Zimbabwe.

Dzinja la kumeneko limayamba mu Novembala ndi kutha cha mu Malichi. Dziko limabiriwira mokongola, ndipo alendo ojambula zithunzi ena amaikonda nthawi imeneyi, koma mwala wa pa masitepe aja ukanyowa umaterera kwambiri, makamaka pamene pamera ndere. Mvula yake imakonda kubwera masana ndi mabingu, ndipo pamwamba pa thanthwe lopanda pobisala si malo oti munthu apezekepo mphezi zikung'anima. Udzu ukatalika umabisanso makoma aafupi a m'chigwa, amene amasonyeza pamene panali nyumba za anthu. Wopita ndi makolo achikulire kapena gulu la ana asukulu sindimamulimbikitsa kusankha miyezi imeneyi.

Disembala ali ndi vuto lakelake, limene anthu a kuno timalidziwa bwino. Msewu wochokera ku Beitbridge kudutsa ku Masvingo, Harare, Nyamapanda ndi Tete ndi womwewo umene abale athu amabwerera kuchokera ku Joni pa Khirisimasi, kenako n'kubwereranso mu Januwale. Mabasi amadzaza, mitengo imakwera, ndipo pa zipata za m'malire mizere imatalika moti tsiku lonse limatha kuthera pamenepo.

Anthu ambiri akamva zimenezi amathawira ku Seputembala ndi Okutobala, poganiza kuti kopanda mvula ndiye kuli bwino. Kumayambiriro kwa Seputembala n'kwabwino ndithu, pamene mitengo ya msasa ikuphuka masamba ofiira. Koma Okutobala ndi chimake cha chilimwe: kutentha kumapitirira madigiri 30 masiku ambiri, mwala umasunga kutenthako ndi kukubwezera kumaso kwa woyenda, ndipo pofika 10 koloko m'mawa kukwera phiri kumasanduka chilango. Utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimaphimba m'mlengalenga, kotero munthu akafika pamwamba saona bwino nyanja ya Mutirikwi ndi mapiri akutali, ndipo zithunzi zimatuluka zotuwa. Tisaiwalenso kuti wochokera ku Mzuzu amayenera kutsikira kaye m'chigwa cha Zambezi ku Tete, amene ndi amodzi mwa malo otentha koposa m'dera lathu lino, ndipo kudutsa kumeneko m'basi yodzaza mu Okutobala kumamufooketsa munthu asanafike n'komwe.

Kuyambira kumapeto kwa Meyi zinthu zimakhala m'malo mwake. Mvula yatha, njira zauma, koma tchire silinapse ndipo mpweya ndi woyera. Masana dzuwa limakhala lofunda chabe, loti munthu angathe kukwera phiri nthawi ili yonse ndi kukhala pamwamba mosathamanga, akumvetsera woperekeza alendo akulongosola za mikanda yagalasi, mbale za ku China ndi ndalama yachitsulo ya ku Kilwa (mzinda wakale wa malonda wa kugombe la Tanzania) zimene zinafukulidwa pamalowa, umboni wa malonda a golide ndi minyanga amene ankafika kugombe la Indian Ocean. Cha mu Julaye zomera zazitali za mtundu wa alovera, zina zopitirira msinkhu wa munthu, zimachita maluwa ofiira pakati pa makoma otuwawo, ndipo kwa ine palibe nthawi imene malowa amaoneka bwino kuposa imeneyi.

Chisanu chili ndi zake zofunika kukonzekera. Masvingo ali kummwera kwambiri kuposa Mzuzu, choncho mu Juni dzuwa limalowa cha m'ma 5:30 madzulo, ndipo usiku kuzizira kumatsika pansi pa madigiri 10, nthawi zina kufika pafupi ndi 5. Palinso masiku amene mphepo yochokera kummwera chakum'mawa imabweretsa nkhungu ndi kamvula kowaza, kamene anthu a kumeneko amati guti. Munthu wa ku Mzuzu sangadabwe nako, chifukwa ndi kofanana ndi kamvula kathu ka mu Juni kamene kamanyowetsa zovala pa chingwe popanda kuthamangitsa madzi m'ngalande. Guti amatha kukhala tsiku limodzi kapena masiku angapo, ndipo akakhalapo masitepe amaterera ngati m'dzinja momwe. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti munthu asungitse malo ogona a masiku awiri, kuti phiri likaphimbika tsiku loyamba ayambe ndi Great Enclosure ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale, phirilo adzakwere mawa lake. Juzi yochindikala ndi nsapato zogwira pansi ndi zofunika kuposa chipewa cha dzuwa.

Aphunzitsi amandiuza kuti kwa iwo mwezi wotheka ndi Ogasiti yekha, pamene sukulu zathu zili pa tchuthi chachikulu. Nyengo yake ndi yabwinobe, ngakhale mphepo ndi fumbi zimakhala zitayamba, koma sukulu za ku Zimbabwe nazo zimakhala zotseka, ndipo Lolemba lachiwiri la mweziwo ndi tsiku lokumbukira ngwazi za dzikolo, lotsatidwa ndi tsiku la asilikali Lachiwiri lake. Gulu limene lilibe mwezi wina lizipewa masiku amenewo, lifike mkati mwa sabata, ndipo likhale pa chipata nthawi yotsegula kuti likwere phiri mabasi a ku Harare asanafike.