TB inatha koma befu sakutha: kodi ma stem cell angathandize?

Bambo wina wa kabaza wa ku Area 25 anabwera atamaliza mankhwala a TB, miyezi 6 yonse osadumphitsa. Makhololo tinayeza, TB mulibe. Koma akati akwere kachitunda atanyamula munthu, phuma thi. Anatulutsa foni n'kundionetsa uthenga wa pa WhatsApp: "Adokotala, akuti ufa wa ma stem cell uwu umameretsa mapapo atsopano. Ndigulitse njinga ndigule?"

Ndinawauza kuti njingayo asayerekeze kuigulitsa.

M'mapapo muli timatumba ta mpweya toposa 300 miliyoni, topyapyala kwambiri kuti mpweya uzidutsa kulowa m'magazi. Tikavulala pang'ono, monga munthu akadwala chibayo, maselo ena a momwemo (tizigawo ting'onoting'ono timene timapanga thupi) amaberekana n'kutseka bala. Koma TB imasiya mphako ndi zipsera. Taonani chipsera cha moto pamkono: ubweya sumerapo, thukuta silituluka. Cha m'mapapo nachonso mpweya sudutsapo.

Sikuti nkhani ya ma stem cell, maselo akhanda amene amatha kusanduka maselo a mitundu ina, ndi yabodza yonse ayi. Mu 2006 Shinya Yamanaka wa ku Japan anaonetsa kuti selo lokhwima lingabwezedwe ku ukhanda kuti lisanduke selo la mtundu wina, ndipo mu 2012 analandira mphoto ya Nobel. Lero ofufuza amameretsa tizidutswa ta mapapo m'timbale ta mu labotale. Kachidutswa ka m'mbale si phapo lopuma, lokhala ndi mitsempha yake ya magazi. Mpaka pano palibe chithandizo cha ma stem cell chovomerezeka pa zipsera za m'mapapo. Nanga ufa womeza uja? Ukafika m'mimba umagayika ngati nsima.

Zochiza pokonza majini, malangizo a m'maselo amene timatengera kwa makolo, nazonso n'chimodzimodzi. Jini yoyambitsa cystic fibrosis, matenda oumitsa makhololo, inapezeka mu 1989. Anthu ankati kwatsala n'kupumira jini yabwino basi. Koma mapapo analengedwa kuti azikana mlendo: mamina amamukola, chifuwa n'kumutaya kunja. Zaka zoposa 30 zadutsa akuyesabe. Magazi ndiye savuta chotero, chifukwa maselo ake amatulutsidwa, kukonzedwa, n'kubwezedwa m'thupi. N'chifukwa chake Casgevy, chithandizo chokonza majini pa matenda a magazi a sickle cell, chinavomerezedwa mu 2023, ngakhale mtengo wake ku America ndi madola 2.2 miliyoni munthu mmodzi. Musavutike kuwerengera m'makwacha.

Bambo aja tinawayeza mapumidwe, kuuzira mpweya m'kachipangizo kamene kamaonetsa ngati njira za mpweya zapanikizika. Zinapezeka kuti zapanikizikadi, choncho tinawapatsa mankhwala opopera m'kamwa. Tinagwirizana kuti fodya asiye, mbaula iziyakira panja osati m'chipinda chogona, ndipo aziyenda ndawala tsiku lililonse, kuwonjezera mtunda pang'onopang'ono. Akayambanso kuwonda, kutuluka thukuta usiku kapena kutsokomola magazi, abwere msanga tidzayezenso makhololo, poti TB imatha kubweranso.