Chikalata cha 1801 ndi ziboliboli za Parthenon zimene zili ku London

Wachinyamata amene wasunga kandalama kake mpaka kukafika ku Athens amayamba ndi kukwera phiri la Acropolis kukajambulitsa patsogolo pa kachisi wa Parthenon, ndipo anthu amadzazana kumeneko moti mu 2023 boma la Greece linaika malire akuti azikwera anthu osapitirira 20,000 patsiku. Chodabwitsa amachipeza akatsikira ku Acropolis Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale imene ili m'munsi mwa phirilo. Pansanjika yapamwamba, miyala yosemedwa yomwe yafiirira ndi zaka inayalidwa mosakanikirana ndi zidutswa za pulasitala zoyera mbee, mwina thupi la munthu ndi mwala weniweni koma mutu wake ndi wa pulasitala. Zoyerazo n'zongofanizira, pakuti zenizeni zambiri zili ku British Museum mumzinda wa London. Mkangano woti zibolibolizi zibwerere ku Greece kapena ayi unayakanso mu November 2023 pamene nduna yaikulu ya Greece, a Kyriakos Mitsotakis, anauza BBC kuti kugawa zibolibolizi kukufanana ndi kudula pakati chithunzi cha Mona Lisa, ndipo a Rishi Sunak, omwe anali nduna yaikulu ya Britain, anathetsa msonkhano umene awiriwa anapangana.

Kachisiyu anamangidwa pakati pa 447 ndi 432 Yesu asanabadwe, m'nthawi ya Pericles, mtsogoleri wa Athens, polemekeza mulungu wamkazi Athena. Pambuyo pake anasanduka tchalitchi, kenako mzikiti mu ulamuliro wa Ottoman, ufumu wa anthu a ku Turkey umene unkalamulira Greece, ndipo mu 1687 asilikali a ku Venice anamuwombera ndi mizinga ali wodzaza ndi wonga wa asilikali a ku Turkey, denga ndi pakati pake n'kuphulika.

Pamene pagona nkhani ndi pa chaka cha 1801. Thomas Bruce, yemwe amadziwika kuti Lord Elgin, anali kazembe wa Britain ku Constantinople, likulu la ufumu wa Ottoman, kuyambira mu 1799, ndipo anatumiza amisiri ku Athens motsogozedwa ndi wojambula wa ku Italy, Giovanni Battista Lusieri, kuti akajambule ndi kuumba zofanizira za ziboliboli. Poyamba akuluakulu a ku Athens ankawavuta ngakhale kulowa m'linga la paphiri. Zinthu zinatembenuka Britain itathandiza kugonjetsa asilikali a France ku Egypt, dziko limene mfumu ya Ottoman inkalifuna kwambiri, chifukwa kazembe uja anasanduka mlendo wosamukaniza kanthu. Mu July 1801 anapeza chikalata chachilolezo chochokera ku boma la Ottoman, cholembedwa kwa bwanamkubwa ndi woweruza wa ku Athens, ndipo amene anachinyamula kupita nacho kumeneko anali m'busa wake, Philip Hunt, yemwe sanapite chimanjamanja koma ndi mphatso za akuluakuluwo.

Chikalata chenicheni cha m'Chitheki sichinapezeke mpaka lero, ngakhale kuti akatswiri afufuza m'nkhokwe za makalata a boma la Ottoman, lomwe linali losamala kwambiri posunga zolemba. Chimene chilipo ndi chomasuliridwa m'Chitaliyana, chomwe anasunga Hunt yemweyo. Mbali yaikulu ya mawu ake ikunena za kulola amisiri kulowa, kujambula, kuyeza, kuimika makwerero, kuumba zofanizira ndi kukumba pansi pofuna miyala yolembedwa imene inakwiririka. Chakumapeto ndiye pali mawu akuti asaletsedwe kutenga "qualche pezzi di pietra", kutanthauza zidutswa zina za miyala zokhala ndi zolemba kapena zithunzi zakale. Oikira kumbuyo Elgin amati mawuwa ndi otakasuka mokwanira, komanso akuluakulu a Ottoman anaona zonse zikuchitika ndipo pambuyo pake analola katunduyo kutuluka m'dziko. Otsutsa amati munthu wowerenga chikalata chonse amamva za miyala yogwa kale, osati yozula pakhoma, ndipo ena amakayika ngati chinali lamulo la mfumu kapena kalata chabe ya nduna yogwirizira udindo. Mu 2024 nthumwi ya Turkey inauza komiti ya UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, kuti dziko lake silikudziwa chikalata chilichonse chovomereza zimene zinachitikazo. Mawu a nthumwi pamsonkhano si umboni wotseka mlandu, komabe n'zovuta kuwanyalanyaza popeza nkhokwe zija zili m'manja mwawo.

Zimene zinachitika paphiripo ndiye sizitsutsidwa. Kumapeto kwa July 1801 amisiri anatsitsa mwala woyamba kuchokera pamwamba pa nsanamira, ndipo popeza miyala inali yolemera, Lusieri anaitanitsa macheka odulira kumbuyo kwake kuti patsale nkhope yosemedwa yokha. Mlendo wa ku England, Edward Daniel Clarke, analemba kuti anaona chidutswa cha khoma chikugwa n'kusweka, mkulu wa asilikali a palingalo n'kuchotsa kaliwo pakamwa misozi ili m'maso. Clarke sankamukonda Elgin ndipo iyenso anatenga zinthu zakale ku Greece, choncho nkhani yake iyenera kumvedwa ndi khutu lochenjera. Mu 1802 chombo cha Mentor chinamira pafupi ndi chilumba cha Kythera chitanyamula mabokosi a miyalayi, ndipo panatenga zaka ziwiri kuti avuulidwe. Pa mzere wa zosema wozungulira kachisi, womwe unali wa mamita 160, London ili ndi mamita pafupifupi 75.

Elgin atalowa m'ngongole anagulitsa zonse ku boma la Britain mu 1816 pamtengo wa mapaundi 35,000, wosafika theka la zimene iye ankati anawononga, komiti ya Nyumba ya Malamulo itagamula kuti anazipeza movomerezeka. Agiriki, omwe anali asanalandire ufulu wodzilamulira, sanafunsidwe pa zonsezi.

Mfundo yamphamvu ya Britain ndi yakuti Elgin anapulumutsa miyalayi, ndipo muli choonadi mmenemo, chifukwa alendo ankabenthula zidutswa ndipo zosema zimene zinatsala zinadyeka ndi utsi wa mumzinda. Komanso ku British Museum munthu amalowa ulere. Koma mu 1937 ndi 1938 miyala ina inapalidwa komweko ndi zipangizo zamkuwa pofuna kuti iyere, ndipo mfundo yakuti Athens alibe malo abwino inatha mphamvu mu 2009 pamene Acropolis Museum inatsegulidwa.

Greece inapempha mwalamulo kuti zibolibolizi zibwezedwe mu 1983, Melina Mercouri ali nduna ya zachikhalidwe. Lamulo la Britain la 1963 limaletsa oyang'anira British Museum kupereka katundu wotere, n'chifukwa chake amalankhula za kubwereketsa, mawu amene Agiriki amawakana poti wobwereka amavomereza kuti chinthucho n'chamwini. Pakadali pano zidutswa zing'onozing'ono zikubwerera kuchokera kwina: chidutswa cha phazi chinachoka ku Palermo, ku Italy, mu 2022, ndipo mu 2023 Vatican inabweza zitatu, mutu wa hatchi, mutu wa mnyamata ndi mutu wa bambo wandevu.