Chilankhulo chopeka chikhale ndi kholo? Kumene mkanganowu unachokera

Achinyamata ena a mu Lilongwe omwe amalemba nthano ndi masewero a pa kompyuta sakumvana miyezi ino. Ena akuti ukafuna chilankhulo cha anthu a m'nthano yako, ingopeka mawu mazana angapo ndi malamulo ochepa, basi. Ena akuti chilankhulo chotero chili ngati munthu wopanda mfunda: yamba wapeka kholo lake, kenako ulisinthe pang'onopang'ono mpaka libereke ana.

Njira yachiwiriyi inayamba ndi akatswiri a zilankhulo. Mu 1786 William Jones, ali ku Calcutta, ananena kuti Chisanskriti, Chigiriki ndi Chilatini ziyenera kuti zinatuluka m'gwero limodzi. Koma pamene zinthu zinakhotera ndi mu 1868. Chaka chimenecho August Schleicher wa ku Germany analemba kanthano m'chilankhulo chomwe panalibe munthu wamoyo anachimvapo, kholo la zilankhulo zija, chomwe anachimanga poyerekeza ana ake. Nkhosa yopanda ubweya ikuona akavalo akukoka ngolo yolemera, n'kuwamvera chisoni. Akavalo akuikumbutsa kuti ubweya wake wavala munthu, nkhosa n'kuthawira kudambo. Katswiri wina, Hermann Hirt, analembanso kanthanoka, n'kutuluka mu 1939, ndipo Lehmann ndi Zgusta anabwerezanso mu 1979. Mukaika zolembazi pamodzi mungaganize kuti ndi zilankhulo zosiyana.

Otsutsa amagwira pomwepa, amvekere kholo lanji losinthasintha chonchi. Ine ndimaona kuti linkasintha chifukwa umboni unkachuluka, makamaka Bedřich Hrozný atatha kuwerenga Chihiti, chilankhulo chakale kwambiri cha banja lomweli, mu 1915.

Ifenso kholo tili nalo, la zilankhulo za Chibantu. Carl Meinhof, m'busa wa ku Pomerania, anatulutsa buku lolimanga mu 1899, ndipo Malcolm Guthrie wa ku London anasindikiza ntchito yake yaikulu kuyambira 1967 mpaka 1971, n'kuika Chichewa m'gulu lomwe analipatsa nambala ya N31. Ife timati madzi, Mtumbuka ndi Mswahili maji, Mzulu amanzi, Myao mesi. Akatswiri amati khololi linali ndi mavawelo 7, ife tatsala ndi 5, ndipo linkalankhulidwa kumalire a Nigeria ndi Cameroon. Pa zaka amasiyana, ena 4,000, ena 5,000, poti palibe cholembedwa cha nthawiyo. N'chifukwa chake mawu ake amalembedwa ndi kanyenyezi kutsogolo. Mnyamata wina wa ku Area 25 watenga mizu imeneyi n'kufunsa kuti anthu akanatsekeredwa pa chilumba cha m'nyanja yathu zaka 2,000 bwenzi akulankhula bwanji. Wasunga mavawelo onse 7, wataya magulu ena a mayina, ndipo ukamamva umangoti ndi wachibale ngakhale sutolapo kanthu.

Amene anasandutsa zimenezi luso ndi J. R. R. Tolkien, mphunzitsi wa zilankhulo zakale ku Oxford. Akatswiri amachokera kwa ana kubwerera kwa kholo. Iye anapeka kholo, n'kulemba malamulo a kasinthidwe ka katchulidwe, n'kutulutsa Quenya ndi Sindarin, zilankhulo za m'nthano zake. Pamene kholo linali ndi kw, Quenya inasunga qu, Sindarin inaika p, ndipo "mawu" anakhala quetta uku, peth uko.

Mfundo yolimba ya otsutsa ndi ya nthawi, ndipo sindingaikane. Tolkien anali atayamba kale Quenya mu 1915, ndipo imfa inamupeza mu 1973 akukonzabe malamulo ake.