Nkhungu ya pakati pa magalasi sipukutika

Mayi wina ku Ulongwe anandiitana mwezi wa Julaye. Akuti, "Amisiri, chitseko changa chakukhonde chachita ng'ala." Anali atapukuta ndi nyuzi, sopo ngakhale viniga, mkati ndi kunja komwe, koma nkhungu ili phee. Nditadutsitsa chala pagalasi, chinabwerako chouma. Madziwo anali pakati, pomwe dzanja silifika.

Zitseko zoyenda panjanji ngati cha mayiyu zimakhala ndi magalasi awiri omatidwa pamodzi kufakitale. Pakati pamasiyidwa mpata, kawirikawiri wa mamilimita 12 mpaka 16, wokhala ndi mpweya wouma kapena gasi wa argon. M'mphepete mumazungulira kachitsulo ka aluminiyamu kamphako, kodzaza ndi timikanda toyamwa chinyezi, tofanana ntchito ndi tija mumatipeza m'kathumba m'bokosi la nsapato zatsopano. Kenako zonsezo amazitseka ndi zomatira zakuda zonga labala. Zomatirazo zikang'aluka, ngakhale pang'ono ngati tsitsi, chinyezi chimayamba kulowa. Timikanda timayamwa mpaka kukhuta, ndipo tikakhuta mpamene mwininyumba amaona nkhungu. Apo n'kuti vuto litayamba kalekale.

Kwathu kuno chimene chimatha zomatira ndi dzuwa. Mumzinda wa Tete ndi ku Moatize kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala. Masana mpweya wapakati umafufuma n'kukankha magalasi, usiku umabwerera. Tsiku ndi tsiku galasi limapuma choncho ngati mvukuto, mpaka zomatira zimatopa. Ku Angónia, dera lomwe kuli Ulongwe, nako kuli vuto lake. Galasi lomatidwa kunyanja, monga ku Beira, likakwera kumtunda kuno kwa mamita oposa 1,000 limafika lotukumuka kale, chifukwa mpweya wakunja sulipanikiza ngati kumene linachokera. Pogula muziuza opanga kumene likupita.

Koma kwa mayi aja wolakwa sanali dzuwa. Nditagwada n'kuyang'ana m'njanji ndinapeza fumbi, tsitsi ndi mankhusu a chimanga zitaumbana ngati dothi. Timabowo totulutsira madzi a mvula tinali titatsekeka, ndiye galasi linkakhala m'madzi dzinja lonse. Timatayala tapansi tinali titadyeka, moti potseka ankachita kukankha ndi phewa, chitseko n'kukamenya mwamphamvu kumapeto. Kumenya kulikonse kumagwedeza zomatira.

Ena adzakuuzani kuti abowole galasi, aumitse mkati, atseke. Chonde musalole. Galasi la chitseko limayenera kukhala lija lolimbitsidwa ndi moto, ndipo lotere silibowoleka kapena kudulika. Mukangoligunda ndi chobowolera limaphulika lonse n'kusanduka timiyala. Ngakhale pawindo wamba pomwe kubowola kumatheka, argon sabwerera, ndipo zipsera zoyera zomwe madzi asiya mkati sizichoka. Kupaka silikoni kunja nakonso n'kungotsekera chinyezi momwemo. Zimandipweteka kuona munthu atalipira kawiri chifukwa cha malangizo otere.

Simufunika kugula chitseko chatsopano ayi. Felemu ikakhala yabwino, timachotsa timizere togwira galasi, n'kutulutsa magalasi awiriwo monga chinthu chimodzi, n'kuikamo ena. Chachikulu ndi muyeso: m'lifupi, m'litali, ndiponso kuchindikala. Mukamva mmisiri akuti 4-16-4, akunena galasi la mamilimita 4, mpata wa 16, galasi linanso la 4, zonse pamodzi 24. Akaphonya, palibe kusema. Latsopanolo likhale pa timapulasitiki tochirikiza pansi, lisagunde felemu, kuti madzi azidutsa.

Musanaitane munthu, yesani ndi chala monga ndinachitira ine. Mame akunja m'mawa wa Juni si vuto, amasonyeza kuti galasi likugwira ntchito yake yoletsa kutentha kudutsa. Thukuta lamkati mwa nyumba limachokera kukhitchini ndi kubafa, tsegulani mawindo. Kwa mayi a ku Ulongwe tinasintha galasi ndi timatayala, ndipo ndinawasiyira kamswachi kakale kotsukira njanji mvula isanayambe.